Ndaika ODK Central pa Oracle Cloud, kodi zomwe ndinalembazi ndizitumize ku pulojekiti?

Funso lachokera kwa achemwali ena omwe amagwira ntchito ya IT ku bungwe lina lochita kafukufuku ku Zomba, ndipo ndi lokhudza ODK Central, pulogalamu ya pa seva yolandira ndi kusunga mayankho a kafukufuku. Akuti: "Ndaika ODK Central pa seva ya Oracle Cloud ya ku Johannesburg. Malangizo omwe ndimatsatira ndi oikira pa DigitalOcean, kampani ina ya ma seva, ndiye malo ambiri ndimachita kuganiza ndekha, zinanditengera masiku anayi. Ndinalemba chilichonse chomwe ndimapanga, masamba 11 mu Word ndi ma screenshot omwe. Ndikufuna ndizipereke ku pulojekiti kuti ena asadzavutike, koma sindinapangepo pull request (pempho loti zomwe ndalemba zilowe mu pulojekiti) ndipo Chingerezi changa sichakuti. Ndiyambire pati, nanga azilandira?"

Achemwali, masamba 11 aja muwasunge bwino koma musawatumize mmene alilimo. Ndikudziwa zikumveka ngati ndikukugwetsani mphwayi, ayi ndithu, zomwe mwachitazo ndi zimene mapulojekiti ambiri akusowa, anthu amavutika masiku anayi ngati inuyo kenako seva ikangoyaka basi aiwala zonse, wobwera pambuyo nayenso akagwere m'dzenje lomwelo. Kungoti kuti zolemba zanu zilowe mukuyenera kaye muione nkhaniyi ndi maso a munthu amene azilandireyo.

Kwa inu tsambali ndi mphatso. Kwa maintainer, munthu amene amasamalira pulojekitiyo, ndi mbuzi yomwe mwamumangirira pakhomo nkumapita, yabwino ndithu, yonenepa, koma kuyambira mawa woidyetsa ndi iyeyo. Pa zolemba zonse za pulogalamu, za deployment, kaikidwe ka pulogalamu pa seva, ndi zomwe zimaola msanga chifukwa zimatsamira pa zinthu zomwe eni pulojekiti alibe nazo mphamvu. Pa 28 November 2022 kampani ya ma seva ya Heroku inathetsa ma plan ake aulere, ma README (masamba oyamba ofotokoza pulojekiti) ambirimbiri omwe ankati dinani batani ili muike kwaulere anasanduka bodza tsiku limodzi popanda munthu kusinthamo chilembo. Mu 2023 Docker, yomwe imayendetsa mapulogalamu m'timabokosi totchedwa ma container, inasiya kukonza Compose yakale ija ya `docker-compose`, pano ndi `docker compose` ndi mpata pakati, kamzere kamodzi kokha koma munthu watsopano akangoona "command not found" waima pomwepo. CentOS 8, mtundu wina wa Linux, yomwe anthu ankadziwa kuti ifika 2029 inathetsedwa kumapeto kwa 2021. AWS, cloud ya Amazon, pa 1 February 2024 inayamba kulipiritsa adiresi iliyonse ya IPv4 ya poyera, $0.005 pa ola, ndiye aliyense amene analemba mtengo wa pamwezi m'malangizo ake anapezeka wanama. A ODK eni ake zinawachitikira, Central isanabwere kunali Aggregate yomwe ambiri ankaiika pa Google App Engine, malangizo onse aja lero ndi mbiri chabe.

Ndiye maintainer akaona pull request yamutu woti Installing on Oracle Cloud, funso loyamba m'mutu mwake silikhala loti Chingerezi chili bwino kapena ayi. Amadzifunsa kuti chaka chamawa munthu akadzalemba kuti tsamba lanu la Oracle silikugwira, adzayankhe ndani, poti mwina pa gulu lawo lonse palibe ali ndi akaunti ya Oracle. Chilichonse chomwe ndikuuzeni apa chikuchokera pa funso limenelo.

Musanalembe kalikonse funsani. Safunsa anadya phula, ineyo ndinadyapo, zaka zapitazo ndinakhala masabata awiri ndikulembera pulojekiti ina tsamba lalitali la mtundu womwewu, ndinatumiza osauza munthu, linakhala miyezi osaliyang'ana mpaka wina anadzalitseka mwaulemu kuti iwo masamba a kampani iliyonse payokhapayokha sasunga. Akanandiuza tsiku loyamba ndikanafunsa. Zolemba za ODK zili pa GitHub mu repo (nkhokwe ya mafayilo a pulojekiti) ya getodk/docs, Central yeniyeniyo ili ku getodk/central. Werengani README ndi malangizo awo a othandiza, fufuzani mawu oti Oracle m'ma issue (mafunso ndi madandaulo omwe anthu amalemba pa repo) otsegula ndi otseka omwe, kenako tsegulani issue yaifupi: ndaika Central version yakuti pa Oracle, Ubuntu yakuti, ndapeza zinthu zisanu zosiyana ndi malangizo a DigitalOcean, ndi izi, mungakonde tsamba lapadera, kandime kakang'ono pa tsamba lomwe lilipo kale, kapena ndiziike kwina inu mungoloza? Kuwapatsa njira zitatuzo kumathandiza kwambiri chifukwa munthu wotanganidwa kusankha kumamuphwekera kusiyana ndi kuyamba kuganiza yekha. Nthawi zambiri amasankha kandime, musakhumudwe, kandime ka mizere 15 kamakhala zaka pomwe tsamba la mizere 300 limachotsedwa pa kusesa koyamba.

Tsopano kudula. Tengani masamba anu aja ndi tsamba la DigitalOcean muziike pambalipambali, chilichonse chofanana chichoke. Ku clone repo, `git submodule update -i`, kukopera `.env.template` kukhala `.env`, kupanga akaunti yoyamba ndi `odk-cmd`, zonsezo ndi zimodzi kaya seva ili ku London kaya ku Johannesburg, mukazilembanso ndiye kuti tsiku lomwe adzasinthe command imodzi adzafunika kukumbukira kusintha malo awiri, ndipo sadzakumbukira. Ingolembani kuti kuchokera apa tsatirani gawo lakuti, muike link. Chotsala ndi chimene muli nacho inu chomwe iwo alibe.

Pa Oracle zosiyanazo ndi zingapo ndipo apa ndichedwepo chifukwa ndi pamene pali nyama. Choyamba ndi firewall. Security list yomwe imabwera ndi netiweki yatsopano imalola SSH pa port 22, koma 80 ndi 443 mumachita kutsegula nokha pa console. Izi ambiri amazipeza. Chomwe chimazunguza anthu ndi chakuti Ubuntu ya Oracle imabweranso ndi malamulo a iptables mkati mwa seva momwemo, okhala ndi REJECT kumapeto, ndiye malangizo ambiri a pa intaneti amati onjezerani lamulo mu INPUT, ndipo ndikukhulupirira mu Word mwanumo muli mzere umenewo. Koma taonani, Central imayenda mu Docker, ndipo port yomwe Docker watulutsa kunja mauthenga ake amadutsa mu FORWARD momwe Docker amaikamo malamulo akeake, osati mu INPUT. Ndiye nkutheka kuti mzere womwe mukuganiza kuti ndi umene unakupulumutsani sunachite kanthu, chinakonza ndi china chomwe munapanga mphindi ziwiri m'mbuyo mwake. Umu ndi mmene zolemba za munthu amene amalimbana ndi vuto zimakhalira, mumadzaza miyambo, zinthu zomwe tinachita usiku titatopa ndipo zitatheka tinaopa kuzichotsa. Sitepe iliyonse muiyese poichotsa, ngati seva ikugwirabe popanda iyo isalowe m'malangizo.

Pomwepo lembani machenjezo awiri. Oracle eni ake amachenjeza kuti pa Ubuntu yawo musagwiritse ntchito ufw, chida china cha firewall, posintha malamulo chifukwa ikhoza kuchotsa malamulo omwe seva imadalira pofikira disk yake, mpaka kukanika kuyaka. Ndipo `iptables -F` yomwe anthu amapatsana ngati mankhwala a chilichonse isapezeke m'tsamba lanu, imafufutanso malamulo a Docker. Lamulo lomwe mwalemba m'malangizo a pulojekiti anthu mazana adzalikopera osaliwerenga, ndiye kanjira kachidule komwe inu munkadziwa kuti nkongoyesera kwa iwo kadzakhala ka mpaka kale. Chimodzimodzi kutsegula ma port onse kwa dziko lonse kapena `chmod 777`.

Chachiwiri ndi mtundu wa makina. Ambiri amapita ku Oracle chifukwa cha Always Free, ndipo kumeneko kuli mitundu iwiri, ka AMD kakang'ono ka 1 GB ya RAM ndi Ampere A1 yomwe ndi ARM. Image ya Docker yomangidwira amd64 yokha ukaiyatsa pa ARM imafa ndi "exec format error", ndipo Central si container imodzi, muli nginx, Postgres, Enketo, pyxform, ya imelo, iliyonse ndi nkhani yakeyake. Simunanene kuti munasankha iti. Mulimonsemo mzere woyamba wa tsamba lanu uzinena poyera shape, mtundu wa makinawo, yomwe munayesa, ndipo yomwe simunayese musailonjeze. Lembaninso kuti zaulerezo zimapezeka mu home region yokha yomwe munthu amasankha potsegula akaunti ndipo sisinthika pambuyo pake, komanso kuti seva yaulere yomwe yakhala osagwira ntchito yooneka kwa masiku 7 Oracle ikhoza kuitenga. Kwa seva ya kafukufuku imeneyo ndi nkhani yaikulu, ma enumerator, ofunsa mafunso aja, akabwerako ku field seva imatha mwezi ili phee kudikira gawo lachiwiri.

Chachitatu imelo, ndipo ichi ndi chimene malangizo ambiri amachidumpha chifukwa tsiku loika sichioneka. Central imatumiza imelo popanga akaunti ya munthu watsopano ndi posintha pasiwedi yoiwalika. Makampani a cloud pafupifupi onse amatseka port 25 yotuluka poopa spam, Google Cloud imatsekeratu, AWS imatseka mpaka utapempha, Oracle imatseka pa akaunti zotsegulidwa kuyambira pakati pa 2021. Ndiye munthu amaika bwinobwino, walowa, wasangalala, patatha sabata akuonjezera mnzake wa M&E (woyang'anira ndi kuunika ntchito) imelo osafika, palibe error pa sikirini. Tsamba lanu linene zimenezi munthu asanafike pamenepo, ndipo liloze ku gawo lomwe lilipo kale la kuika mail server ina kudzera mu `.env`.

Zina ndi zazing'ono, mzere umodziumodzi zakwana. Pa DigitalOcean umalowa ngati root, pa Ubuntu ya Oracle ndi ya AWS umalowa ngati `ubuntu` ndiye ma command ena amafuna `sudo` kapena kumuika munthuyo m'gulu la docker, pa Oracle Linux ndi `opc`. Adiresi ya IP nayo, pa AWS ukazimitsa seva nkuyatsanso imasintha pokhapokha utatenga Elastic IP, pa Oracle imakhalabe mpaka seva utaifufuta, koma ngati domain ikuloza kumeneko ndi bwino kutenga reserved.

Mukamaliza kudula mupeza kuti masamba 11 atsala limodzi ndi theka. Ndi bwino choncho. Apa ndiye pabwera ntchito yomwe ambiri amaithawa, kuyesa. Seva yomwe muli nayoyo siingakuuzeni zoona chifukwa ili ndi zipsera za masiku anayi aja, muli ma package omwe munaika nkuiwala, muli fayilo yomwe munasintha Lachiwiri usiku. Yatsani seva ina yatsopano, tsatirani zolemba zanu zokha, kukopera command iliyonse kuchokera pa tsamba osati kuchokera m'mutu, pomwe dzanja lanu lachita chinthu chomwe sichinalembedwe imani mulembe. Kenako ifufuteni muyambirenso. Ine ndimabwereza mpaka ulendo umodzi udutse wonse popanda kukhudza china chilichonse, kawirikawiri umakhala wachitatu.

Pobwerezabwereza chonchi samalani ndi Let's Encrypt, omwe amapereka ma certificate a HTTPS. Amalola ma certificate 5 okha a dzina limodzimodzi pa sabata, mukapyola mudikira masiku, ndiye ulendo uliwonse gwiritsani ntchito subdomain ina, test1, test2, osati dzina lenileni la seva ya ofesi. Ndipo DNS iyambe yaloza ku IP yatsopano komanso port 80 ikhale yotsegula musanayatse Central, apo ayi certificate siituluka, nginx siidzuka, munthu nkumaganiza kuti vuto ndi firewall pomwe ndi dongosolo la masitepe. M'malangizo a deployment chomwe chikuyamba ndi chomwe chikutsatira ndi theka la nkhani yonse. Pambali pang'ono, ntchito zotenga nthawi ngati `docker compose build` muzizithamangitsa mkati mwa tmux, kwathu kuno magetsi akathima kapena bandulo ikatha pakati SSH imaduka, ndi tmux ntchito imapitirira ku seva inu nkudzaipeza.

Kuyesa komaliza ndi munthu. Mupezeni mnzanu wa mu ofesi amene sanaikepo Central, mpatseni tsambalo, inu khalani kumbuyo kwake manja m'thumba pakamwa potseka. Zimawawa kuonerera kkkk, mudzafuna kumuuza kuti iwe dina apo, musatero, pomwe wakakamira ndi pomwe tsamba lili ndi bowo. Inuyo simungalionenso bowolo chifukwa mukudziwa kale yankho.

Kalembedwe. Sitepe iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu, chochita, chomwe munthu aone zikatheka, ndi chomwe aone zikakanika. Chachitatuchi ndi chimene chimasiyanitsa malangizo othandiza ndi ongokongola. Mawu a error muwalembe ndendende mmene amatulukira pa sikirini chifukwa munthu amene wakakamira amawakopera mu Google ndipo ndi mmene adzapezere tsamba lanu. Mawu ngati simply, just, obviously achotseni onse, kwa amene zamukanika amamva ngati mukumunyoza. Ndipo musasakanize kuphunzitsa ndi kulangiza, Daniele Procida amene anakonza njira ya Diátaxis amagawa zolemba m'mitundu inayi, yanuyi ndi ya mtundu wa how-to, ya munthu amene akufuna ntchito ithe, safuna ndime zitatu zofotokoza kuti cloud ndi chiyani.

Ma screenshot aja ambiri achoke. Console za makampaniwa zimasintha maonekedwe pafupipafupi, chithunzi chimakalamba msanga kuposa mawu, sichipezeka pofufuza, wosaona amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yomuwerengera sachimva, ndipo kuti munthu wina adzachikonze akuyenera kukhala ndi akaunti ya Oracle. Kulemba kuti onjezerani ingress rule ya TCP 80 ndi 443 pa security list ya subnet yanu kumakhalabe zoona ngakhale batani litasamuka. Komanso zithunzi zimaulula zinthu, pakona pali dzina la bungwe lanu, IP yeniyeni, OCID (chizindikiro cha Oracle) ya akaunti, imelo ya abwana. Ine ndinaikapo chithunzi chokhala ndi key pakona, anandiuza ndi munthu wachilendo, usiku womwewo ndinasintha chilichonse. Git siiwala, chinthu chikalowa mu commit pa repo ya poyera kuchifufuta mu commit yotsatira sikuthandiza, chimaonekabe mu mbiri, mankhwala ake ndi kusintha pasiwedi kapena key yomweyo basi. Pa zitsanzo gwiritsani ntchito mayina omwe anasungidwira ntchito imeneyi, `example.com` pa domain ndi adiresi ngati `203.0.113.10` pa IP, zimenezi sizidzakhala za munthu aliyense.

Za Chingerezi musadandaule nazo kwambiri. Owerenga malangizo a ODK ambiri ali ngati inu ndi ine, ali ku Kampala, ku Dhaka, ku Maputo, Chingerezi ndi chilankhulo chawo chachiwiri kapena chachitatu, ziganizo zazifupi zosakometsera ndi zomwe zimawathandiza. Galamala maintainer amakonza mphindi zisanu. Chomwe sangachite ndi kudziwa zomwe zimachitika pa Oracle ku Johannesburg. Mukafuna kudutsitsa mawu anu mu AI kuti iwongole ziganizo palibe vuto, koma isakhudze ma command, imakonda kuonjezera masitepe ooneka bwino omwe palibe anawayesa, ndipo ma maintainer masiku ano atopa nazo, akangonunkhiza zoterozo chikhulupiriro chatha.

Chinthu china chomwe ndikukayika ngati chili mu Word mwanumo ndi za mawa lake. Malangizo ambiri amathera pa tsamba lolowera, ngati ukwati wothera pa phwando. Koma seva imeneyi isunga mayankho a anthu enieni, mayina, malo, nthawi zina za umoyo wawo. Za backup ndi upgrade Central ili ndi masamba ake, lozani kumeneko, inu muonjezere za Oracle zokha, mwachitsanzo backup ya boot volume ndi kuti backup yosungidwa pa seva yomweyo si backup. Upgrade nthawi zina imafuna malo ambiri pa disk, monga nthawi yomwe Central inachoka pa Postgres 9.6 kupita pa 14 mu 2023, ndiye nenani mmene munthu angaonere malo otsala ndi kukulitsa volume. Ndipo lembani kafufutidwe. Munthu amene amangoyesa akamaliza afufute chiyani kuti bilu isabwere, chifukwa pa cloud kufufuta seva sikutanthauza kuti disk ndi reserved IP zapita nazo, pa DigitalOcean droplet yozimitsa imalipiritsabe. Mitengo musalembe manambala, lozani ku tsamba la mitengo la kampaniyo. Pamwamba pa zonse ikani mzere umodzi, zayesedwa pa Central version yakuti, Ubuntu 24.04, shape yakuti, mwezi ndi chaka. Mzere umenewu umamuuza wowerenga wa zaka ziwiri zikubwerazi kuti akhulupirire mpaka pati.

Za pull request zenizenizo ndi gawo lophweka pa zonse, ndidutsa mwachangu. Pangani fork (kope yanuyanu) ya getodk/docs, branch yatsopano ya dzina lomveka, sinthani, commit, push, GitHub yokha ikuonetsani batani lotsegulira pull request. Zolemba zawo ndi za reStructuredText (rST) zomangidwa ndi Sphinx, ndiye Word iiwaleni, tsegulani fayilo ya tsamba la DigitalOcean muone mmene analembera mitu ndi ma `code-block` nkutengera. rST ndi yokhwima pa mipata, mzere wa pansi pa mutu usafupike kuposa mutuwo, code ilowe mkati ndipo pakhale mzere wopanda kanthu pamwamba pake. Mangani tsambalo pa laputopu yanu muone mmene likuonekera musanatumize. Pull request imodzi nkhani imodzi, mukapeza typo pa tsamba lina musaiphatikize, ipangireni yake. Ndipotu kayambeni ndi typo yoteroyo sabata ino, muphunzira njira yonse pa chinthu chosaopsa ndipo dzina lanu adzakhala ataliona kale. Ikhale typo yeniyeni koma, mu October 2020 nthawi ya Hacktoberfest, mwambo womwe unkapereka T-shirt kwa otumiza ma pull request, ma repo anasefukira ndi tima pull request topanda pake ta anthu ofuna T-shirt ndipo ambiri sanaiwale. Mapulojekiti ena amafuna musaine CLA, chikalata chovomereza kuti agwiritse ntchito zomwe mwapereka, kapena muike `-s` pa commit kuti pakhale mzere wa Signed-off-by, zikafunika bot imakuuzani. Ndipo poti munalemba izi pa nthawi ya ntchito, auzeni abwana anu kaye, imelo imodzi yoti ndikupereka malangizowa poyera mulibe za bungwe yakwana.

M'mafotokozedwe a pull request nenani zomwe munayesa, kangati, ndi zomwe simunayese. Kenako onjezerani chiganizo chomwe chimayankha funso lija la mbuzi: ndikuyendetsa seva imeneyi pa ntchito, ndiziyesa tsambali nthawi iliyonse ndikapanga upgrade, issue ya Oracle ikabwera munditchule. Koma mulembe pokhapokha ngati muchitadi, walira mvula walira matope. Ngati mukudziwa kuti pulojekiti ya ku ofesi ikutha mu June ndipo seva idzazimitsidwa, nenani choncho, iwo asankhe akudziwa.

Akayankha ndi ndemanga 20 musaone ngati akukukanani, munthu amene sakufuna ntchito yanu sataya ola lake kuilemba ndemanga. Yankhani iliyonse, pomwe simukugwirizana nazo nenani chifukwa ndi umboni wa zomwe munaona pa seva. Pakadutsa masabata awiri kuli zii, kumbutsani kamodzi mwaulemu pa pull request pomwepo, osati kuwasaka ku inbox. Akakana, ikani tsambalo pa repo yanu ya GitHub ndi mutu womveka ndi deti, ofufuza adzalipeza ndithu, ndipo mwa zisanu zija mwina chimodzi, monga cha port 25, chikhoza kulowabe ngati kachenjezo ka mizere iwiri.

Pali zina zomwe zinakudyerani nthawi zomwe ku pulojekiti sizikalowa, ndipo nzoyenera kuti zisalowe. Khadi la banki ya kuno kukanidwa potsegula akaunti, malire a ndalama zakunja, bilu ya madola pomwe bajeti inalembedwa m'makwacha kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023, funso loti deta ya Amalawi ikhale ku Johannesburg kapena kuno poganizira Data Protection Act ya 2024 yomwe ikuyang'aniridwa ndi MACRA, kusankha pakati pa Johannesburg ya Oracle, Azure kapena Google ndi Cape Town ya AWS yomwe umachita kuiyatsa kaye pa akaunti usanaione. Wa ku Peru zimenezi sizikumukhudza. Koma wa ku Mzuzu amene mwezi wamawa abwana amuuze kuti ika seva ya ODK akuzifuna kuposa china chilichonse, ndipo sadzazipeza pa docs.getodk.org. Zimenezo zilembeni padera, m'Chichewa ngati mukufuna, ndi ma screenshot omwe bola mwaphimba mayina, muike pa repo yanu nkugawa m'magulu a WhatsApp a anthu a IT ndi M&E. Kumeneko masamba 11 aja akwana onse.

Issue ija mukailemba nditumizireni link ndidzaione, makamaka ndikufuna ndidziwe ngati mzere wa iptables uja unapulumuka pa seva yatsopano.